Ndili ndi Achemwali Awiri

Okondedwa Achemwali,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa alamu. Kodi msana uja unaleka, kapena mukunyamulabe zidebe ngati mtsikana? Ndimakudziwani, mukangomva bwino pang'ono mankhwala mumawaiwala pazenera. Ife kuno tili bwino, kupatula miyendo yangayi. Za miyendo ndifotokoza kutsogoloku, chifukwa m'pamene pagona nkhani.

Ndasankha kulemba m'malo moimba foni. Pa foni inu mumayamba kuyankha ine ndisanamalize, ndipo ndikangomva mawu anu ndimabwerera kukhala kamwana kaja munkakatsuka mapazi ndi mwala. Ndimangoti eya, eya, foni ikaduka m'pamene ndimakumbuka zimene ndimafuna kunena. Pepala silidula munthu mawu. Muwerenge mpaka kumapeto, kukalipa mukalipe pambuyo.

Ntchito ikuyenda. Mwezi uno tadzazidwa ndi mipando ya hotela ina, yonse yofuna nsalu yatsopano, ndiye tsiku lonse ndimakhala pa kampando kanga ndi timisomali pakamwa. Abwana agula makina okhomera oti ukangodina, pha, msomali walowa. Mnzanga uja timamutcha Kansalu anadzikhomerera malaya ku sofa tsiku loyamba lomwe, mpaka tinachita kumuvula kuti apite kukadya. Denga la chipinda chathu likudonthabe. Eni nyumba anaitana mmisiri, koma anakonza mbali ya kuchipinda kwawo, kwathu anangoyang'anako n'kunena kuti mvula yatsala pang'ono kutha.

Uthenga wanu unandipeza. Msuweni anandiuza zonse monga munanenera, sanachotsepo ngakhale mchere. Anati munandipatsa mwana osati msilikali, ndipo sukulu ikangotsekera ndimukweze basi abwerere kwa inu, akapitirize maphunziro konko. Sindinakwiye. Mayi ake atatisiya, mwana wanga wamkaziyu anali asanadziwe n'kumanga nsapato komwe, ndipo amene munamunyamula ndinu. Amakutchani amayi, ndipo n'zoona. Mukanena kuti abwerere, ine ndilibe mphamvu yokana. Ndingopempha kuti mumve kaye zimene msuweni sanaone.

Chibwerereni kuno kudzayamba sekondale, m'nyumba muno munali ngati m'chipinda chodikirira dokotala. Ulemu wonse munamuphunzitsa anabwera nawo. Amandipatsa moni, amaphika, amachapa, amawerenga. Koma mawu ake anali atatu basi: eya, ayi, zikomo. Sankanditchula n'komwe. Akafuna kundiuza kuti chakudya chapsa, ankaima pakhomo n'kutsokomola. Ndinayesa nthabwala zanga zonse, zija zimagwetsa anthu kuntchito, iye n'kumangomwetulira mwaulemu ngati wamva za mlendo wa m'basi. Zinkandipweteka, Achemwali. Mwana wanga yemwe, koma ndinkachita kuganiza kaye chonena ndisanalowe m'nyumba mwanga.

Zoti akaweruka amapita ku masewero ndi mnzake ndinkazidziwa, koma ndinkayesa ndi mpira wamanja. Zoti ndi kung fu, zija timaonera m'mafilimu anthu akuulukirana, ndinazimva limodzi ndi inu, msuweni atamupeza kuseri kwa nyumba akumenya mphepo. Ndiye uthenga wanu utafika, ndinavala jekete langa labwino n'kupita kuti ndikamutulutse.

Sukulu ya masewerowo ili pamwamba pa sitolo yogulitsa penti. Umakwera masitepe achitsulo akunja, olira phazi lililonse. Pakhomo ndinapeza nsapato zitandandalikidwa bwinobwino, zonse zitaloza kunja, zazikulu ndi zazing'ono. M'katimo ndi chipinda chachitali cha matabwa, kalirole wosweka pakona, ndodo zazitali zitapachikidwa kukhoma, ndi chidebe cha madzi chokhala ndi kapu imodzi. Ndinkayembekezera chimphona cha minofu. Amene ananditulukira ndi mayi wamfupi wa imvi, amene masana amagulitsa mankhwala ku famase. Onse amawatcha a Sifu, kutanthauza aphunzitsi.

Ndinaima pakhomo manja kumbuyo, monga kholo. A Sifu anandiuza kuti pakhomo ndi pa nsapato, munthu saimapo n'kumaonerera anzake akutuluka thukuta. Anati ndilowe kapena nditsike. Ndinawauza kuti ndine bambo wa mwana. Iwo anayankha kuti abambo nawonso ali ndi miyendo. Ana onse anali akundiyang'ana, ndipo kutsika masitepe olira aja kukanakhala kuthawa. Ndinavula nsapato. Sokosi yakumanja inali yobooka, chala chachikulu chili pamtunda kupereka moni kwa aliyense.

Anandiimika kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumbuyo kwa tiana tofika m'chiuno mwanga. Kumeneko mzere sauyala potsata zaka, amauyala potsata amene anayamba kulowa pakhomo. Amene anakutsogolera kuphunzira ndi mkulu wako, kaya mano ake ndi amkaka. Muli dokotala wa mano wina, wagalimoto yake ndi mimba yake, amaima kumbuyo kwa mtsikana wogulitsa matimati, ndipo akafuna kufunsa kanthu amayamba wawerama. Wamwamuna amene anakutsogolera umamutcha achimwene, wamkazi achemwali.

Mwina mwaona kale kumene nkhaniyi ikupita. A Sifu anaitana mwana wathu, namuuza kuti wamng'ono wake ndi uyu, amusamale. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti m'chipinda muno ameneyu ndi achemwali anga, ndipo ndiwapatse moni. Mwana anayang'ana pansi, ine ndinayang'ana kudenga. Moyo wanga wonse mawu amenewo ndakhala ndikuitanira munthu mmodzi, inuyo. Anatuluka movuta ngati msomali wopindika, koma anatuluka.

Choyamba anandiphunzitsa moni wawo. Dzanja lamanja umakunga chibakera, lamanzere umalitambasula n'kuphimba chibakeracho, kenako umawerama pang'ono maso ali pa mnzako. Ine ndinasokoneza manja. Mwanayo anandigwira dzanja n'kulikonza, chala ndi chala. Achemwali, chibwerereni anali asanandikhudzepo. Anandifotokozera motsitsa mawu kuti chibakera ndi mphamvu, chikhatho ndi ulemu, ndipo mphamvu siyenda yosavala.

Kenako anandiika pa kaimidwe kamene amakatcha kukwera hatchi. Umatangadza miyendo, kupinda mawondo, n'kukhala ngati uli pampando pomwe mpando palibe. Ine wokonza mipando zaka zonsezi, kundikhazika pa mphepo! Miyendo inayamba kuvina yokha. Mwana uja wa mawu atatu anali akundizungulira, akuti pindani mawondo, akuti wongolani msana, akuti musayang'ane pansi palibe chimene mwataya. Tsiku limenelo anandiyankhula mawu ambiri kuposa miyezi yonse yapitayi. Zimene ndinapitira sindinazinene. Ndinapita kukatenga mwana, ndinabwerako ndi mawondo otupa, ndipo tsiku lotsatira la masewero ndinapitanso.

Ndikudziwa chimene mukuopa. Mukuti mtsikana wophunzira nkhonya adzakhala wamwano, wosamva, woyamba ndewu pamsika. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma kumenya kwenikweni n'kochepa kuposa kusesa. Asanayambe, onse amagwira tsache ndi chikolopa, dokotala wa mano yemwe, atapinda buluku. Pa nthawi ya madzi, wamkulu samwa wamng'ono wake asanamwe, choncho ine wakumapeto kwa mzere ndimayamba kugwira kapu, a Sifu amamwa pomaliza. Mnzako akakugwetsa pophunzira umadzuka n'kumuthokoza, chifukwa wakuonetsa pamene pali pobooka. Ndodo ikakhala pansi suidumpha, umaizungulira kapena kuitola ndi manja awiri, poti ndi imene ikuphunzitsa.

Mnyamata wina wamphamvu zake, amene amakankha ngolo ku msika, anamenya munthu pa siteji ya basi chifukwa chomuponda. A Sifu atamva sanakweze mawu. Anamuuza kuti asagwirenso ndodo kapena kuima pamzere mpaka atakapeza munthuyo n'kupepesa, ndipo mpaka pano amangobwera kudzakolopa akufunafuna mwini tsaya. Zoti mwana wathu adzamenya mwamuna wake, mtima pansi. Inu simunaphunzire kung fu, koma alamu mukangotsokomola amabisa fodya.

Tsopano ndikuuzeni za manyazi anga. Loweruka lina kunatentha kwambiri, ndipo tinali titaphunzira za ndodo. Pa nthawi yopuma ndodozo zinali pansi. Ine lilime lili kunja, mutu sukugwira, ndinadumpha ndodo imodzi ngati ndikudumpha ngalande. Kudumphako kunali kochepa. Ndinakadzigwetsa pakhoma n'kufuula monga ndimachitira kunyumba kuti iwe, tanditungira madzi.

Onse m'chipindamo anatembenukira kwa ine. Mwanayo anali ataponya kale phazi limodzi kuloza kuchidebe, poti munamulera kuti kholo likatuma sachedwa. Kenako anaima. Ndinamuona akuvutika pakati pa malamulo awiri, lanu ndi la a Sifu, ndipo amene ndinamuika pamenepo ndi ine.

A Sifu sanandiyang'ane n'komwe. Anaitana mwanayo n'kumufunsa kuti wamng'ono ameneyu ndi wa ndani. Iye anayankha kuti ndi wake. Anamufunsa ngati anamuphunzitsa za ndodo ndi za kaitanidwe ka akulu. Anandiphunzitsa, Achemwali, kangapo konse. Koma anayankha kuti zikuoneka kuti sanaphunzitse bwino. Basi anamuuza kuti akwere hatchi pakati pa chipinda, ndodo ija itagonekedwa pantchafu, ndipo isagwe mpaka atauzidwa. Ndilo lamulo lawo. Wamng'ono akalakwa, chilango chimagwera wamkulu wake. Paja amati mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndinadzuka kuti ndinene kuti wolakwa ndine. A Sifu anangokweza chala n'kunena kuti wamng'ono satsutsa, amaonerera n'kuphunzira. Anzathu anapitiriza masewero, ine ndili chilili. Ndinaona ntchafu za mwana wanga zikuyamba kunjenjemera, thukuta likudontha pachibwano, maso ali patsogolo osaphethira. Sanandiyang'ane mokwiya ngakhale kamodzi. Ndakhomedwapo chala ndi nyundo, ndagonapo m'chipatala, koma ululu ngati umenewo sindinaumvepo. Bwenzi atangondimenya ndi ndodoyo.

Sindinathe kupirira. Ndinapita kukaima pambali pake, ndinatangadza miyendo, n'kukhala nanenso pa mpando wa mphepo uja. Palibe anandiletsa. Ndinkafuna kuti tivutike limodzi mpaka kumapeto, monga bambo wolimba mtima. Koma mawondo a munthu wokhalira kampando alibe chisoni. Posakhalitsa ndinamva miyendo ikundisiya, ndipo ndinagwa chagada, phi, ngati thumba la thonje, miyendo m'mwamba.

Tiana tija tinayamba kuseka. Kenako ndinamva kuseka kwina kumene ndinali ndisanakumvepo m'nyumba mwanga. Anali mwana wathu. Ankayesa kudzigwira, ndodo ikugwedera pantchafu, mpaka inagwa n'kugubuduka. Achemwali, amaseka ngati mayi ake, kuja koyamba ndi kamphuno kenako n'kutulukira pakamwa. Inu mwakhala mukukumva zaka zonsezi, mwina simukuonanso chachilendo. Ine ndinangogona pamatabwa paja, osafuna kudzuka. A Sifu anali atatembenukira kukhoma ngati akukonza ndodo, koma mapewa awo ankagwedezeka.

Nditadzuka ndinakunga chibakera, kuchiphimba, n'kunena kuti pepani achemwali. Nthawi imeneyi mawuwo sanavute kutuluka. Iye anabweza moni, kenako anakatunga madzi n'kundipatsa, osati chifukwa ndinamutuma, koma chifukwa wamng'ono ndiye amayamba kumwa.

Musaganize kuti kunyumba ndasanduka wantchito wake. A Sifu amanena kuti mzere umathera pa nsapato. Ukavala nsapato zako n'kutsika masitepe, mwana ndi mwana, kholo ndi kholo, ndipo amandifunsa ngati kunyumba amamva. Amati wophunzira amene amawerama m'chipinda chawo n'kumakachita mwano kwa makolo akungowononga matabwa awo. Tikatsika, mwanayo amandilanda chikwama n'kunyamula. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano m'njira timayankhula. Ndikudziwa kuti masamu amawakonda koma aphunzitsi ake amalavula malovu akamaphunzitsa, ndiye amakhala kumbuyo. Ndikudziwa kuti nyemba zanga amati n'zamadzi. Madzulo amandipaka mankhwala m'mawondo akundinena kuti ndimabera, ndimadzuka a Sifu akatembenuka. N'zoona, ndimabera.

Za inu amakamba tsiku ndi tsiku. Amati panopa amayi akubwera kumunda, panopa amayi akukangana ndi nkhuku. Amadandaula kuti ndani akukuthandizani kutunga madzi ndi msana wanuwo. Musaganize kuti wakuiwalani, ndipo ine sindikufuna kukulandani. Ndikudziwanso kuti m'nyumba mwanu mwachita zii chichokereni iye, ndipo mwina nkhani si ya nkhonya yokha. Ngati ndi choncho sindikukuimbani mlandu, chifukwa zii ameneyo ndikumudziwa kukoma kwake.

Pempho langa ndi limodzi. Mumulole akhale kuno mpaka amalize sukulu, ndipo apitirize masewero akewa. Tchuthi chilichonse azibwera kwa inu, ndidzamuperekeza ndekha, mudzamuyese nokha ngati ulemu wachepa. Mukadzapeza kuti wayamba mwano, musadzamubwezenso, ndipo sindidzatsegula pakamwa.

Uthenga wanu sindinamubisire. Ndinamuuza Lamulungu lapitali masana, akusita yunifolomu yake. Ndinati amayi ako akufuna ubwerere, ndipo ngati nawenso ukufuna, usaope kundiuza, sindikhumudwa. Pamenepo ndinanama, koma ndi bodza la kholo. Simbi inkangoyenda pa kolala imodzimodzi. Kenako misozi inayamba kugwera pa malaya, iye n'kumaisita pomwepo. Anati amakusowani kwambiri, ndipo safuna kuti mumve ngati wakukanani. Ndinayamba kale kuganiza za chikwama chimene adzanyamulire katundu.

Ndiye anapukuta m'maso n'kunena kuti koma pali vuto limodzi. Anati kwa a Sifu wamkulu saloledwa kusiya wamng'ono wake asanamalize kuphunzira ndondomeko yoyamba, ija ya mapazi ndi manja imene aliyense amayambira. Anati tiana tija tinaimaliza kalekale, koma mmene akundionera ine, iye adzamaliza sekondale ndisanasiyanitse kumanja ndi kumanzere. Ananena zimenezi osandiyang'ana, akupinda malaya. Ine ndinatuluka panja kukaona ngati zovala zauma, ngakhale pachingwe panalibe kanthu.

Tsiku lotsatira ndinafunsa dokotala wa mano uja ngati lamulo limenelo lilipodi. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti iye sanalimvepo.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mpando wawo uja asautaye, ndidzabwera ndi nsalu ndidzaukonze. Moni kwa amalume ndi akazi awo, kwa azakhali aang'ono, kwa apongozi anga amene ndikudziwa kuti nawonso amva za usilikali wa mdzukulu wawo, ndi kwa ana onse a pakhomo. Msuweni mumuuze kuti ndamukhululukira, koma akadzabweranso adzavule nsapato. Mwana wanu akuti akulemberani yekha, ndipo wandiletsa kusuzumira.

Ndidikira yankho lanu. Chimene munganene ndidzamvera, monga ndakhala ndikumverera kuyambira kale. Koma muyankhe mukudziwa kuti kumanja ndi kumanzere ndimakudziwa bwinobwino, ndipo sindikufuna kuti mwanayo adziwe.

Ndine mlongo wanu wochedwa kuphunzira,

Mapazi